Kamera yanga inagwera mu beseni la abakha, nde ndagula ina

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti bwanji zithunzi za pakhomo pano zinangoti zii kuyambira mwezi wa Febuluwale, ena mpaka kuganiza kuti ndadwala kapena ndinasamukira mtauni. Ayi ndili bwino, ndikadali konkuno kwathu mbali ya kwa Chimwala kufupi ndi nyanja ya Malombe, ntchito ya uphunzitsi ikuyenda, amayi ali bwino ngakhale mawondo akuwavutabe. Inafa ndi kamera. Ndipo kuti ndipeze ina zanditengera miyezi seveni yathunthu ya kuganiza, kufunsa, kusunga ndalama ndi kukangana ndi achimwene pa WhatsApp, nde ndati ndiilembe nkhani yonse pamene mtima wakhala pansi.

Linali Loweruka mmamawa. Mbuzi yathu yamawanga ija inali itaswa ana awiri usiku ndipo ine ndinadzuka chothamanga kuti ndikawajambule akadali onyowa, miyendo ikunjenjemera, asanayambe zodumphadumpha zawo zija. Ndinajambula ndithu zithunzi mwina makumi awiri, kenako amayi anandiitana kuti ndiwatule ndowa, nde ndinangokoleka kamera pa mtengo wa khola ndi lamba wake poganiza kuti ndibwera pompano. Tonde anasuzumira, anakoka lamba uja ndi mano, kamera inatsetsereka nkugwera chamutu mu beseni lomwe timathiramo madzi a abakha. Amene munawetako abakha madzi ake mukuwadziwa, matope okhaokha osakanikirana ndi madeya. Ndinaivuula pasanathe olo mphindi imodzi, ndinachotsa batire ndi memory, ndinaikwirira mu mpunga masiku anayi monga amanenera anthu, koma sinayakenso. Mkulu wina wokonza zamagetsi ku Limbe anaitsegula ine ndikuona nkundionetsa dzimbiri lobiriwira litayanga pa bolodi yamkati, anandiuza mosabisa kuti mayi kukonza izi kudya ndalama yoposa mtengo wa kamerayo, musataye ndalama yanu. Ndinamuthokoza chifukwa wina akanangolandira ndalama. Mu minibasi pobwerera ndinalira mwakachetechete kuyambira ku Zomba mpaka pa Liwonde.

Inali Nikon D3100, kamera ya 2010, ya ma megapixel 14 basi. Ndinaigula mu 2017 kwa bambo wina wojambula maukwati ndi zithunzi za ziphaso pa boma la Mangochi, chapafupi ndi nsanja ya wotchi ija, iwo akugula ina yatsopano. Inali itatopa kale, mphira wa pogwirira unali utayamba kumatuka, koma kwa zaka zonsezi sinandikhumudwitsepo, fumbi, kutentha kwa kuno, ulendo wa pa kabaza, zonse inapirira. Zomwe zinapulumuka tsiku limenelo ndi memory, mabatire awiri, tchaja, ndi lenzi yanga ya 35mm f/1.8 yomwe mwamwayi inali mnyumba. Lenzi ya 18-55 yomwe inali pa kamera inamwa madzi limodzi nayo.

Mwina ndifotokoze kaye chifukwa chake munthu wamkulu ngati ine ndimagwada pa dothi kujambula anapiye, chifukwa funsoli ndalimva kambirimbiri, ena amafunsa mwachikondi ena moseka. Abambo anatisiya mu 2009 ndipo chithunzi chawo tili nacho chimodzi chokha, chakuda ndi choyera, ataima mu studiyo kutsogolo kwa katani, atavala jekete lobwereka, nkhope ili gwaa ngati akuopa wojambulayo. Si abambo amene ndimawadziwa ine. Amene ndimawadziwa ankakhala pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, chala chachikulu cha kuphazi chitakola chingwe, akuimba chamumtima, ndipo chithunzi chimenecho kulibe, chili mmutu mwanga mokha ndipo chaka ndi chaka chikunka chifufuma. Ana anga sanawaone. Nde nditagwira kamera koyamba ndinalumbira kuti za pakhomo pano sizidzasowanso choncho. Khitchini yakale yomwe inagwa ndi mvula ya Freddy mu Malichi 2023 ndili nayo pa zithunzi, ndi mwaye wake wa kudenga, ndi mafuwa ake. Dimba lathu la kumunsi lomwe linamira nyanja itadzadza kwambiri mu 2024 ndili nalo, mabedi a mpiru ndi tomato pamalo pomwe anyamata anadzayamba kupalasa bwato.

Komanso tayesani kulemba Mangochi pa intaneti muone zomwe zimabwera. Cape Maclear, dzuwa likulowa, mabwato, mchenga wa ku ma lodge, mwina ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Nzokongola zoona sindikukana, koma ife amene timakhala kuno tsiku lathu silitha choncho. Palibe amene amajambula thandala la kambuzi ali ngwee padzuwa, kapena manja a amayi akuluka mkeka wa mlaza, kapena nkhunda zikutsika pa khola lake nthawi yomwe gaga wamwazidwa, kapena mlambe wa kuseri kwa nyumba mwezi wa Okutobala utayoyola masamba onse. Tikapanda kujambula tokha eni ake palibe adzabwere kudzatijambulira.

Miyezi yonseyi ndimagwiritsa foni, ndipo ndisaname, foni masana imajambula bwino, anthu ambiri foni ikuwakwanira ndipo sindingawauze kuti awononge ndalama. Koma ine inkandipweteka pa zinthu zitatu. Mwana wa mbuzi akadumpha, pomwe foni ikuti ijambule iye watera kale. Nkhwazi ikatera pa mgwalangwa wa kudambo, ukayesa kuikokera pafupi ndi zala imangosanduka kadontho koyera kachimbuuzi. Ndipo chomwe chimandinyansa kwambiri, foni yanga imasalaza nkhope, makwinya a amayi imawafufuta, khungu nkuliyeretsa ngati adzola mafuta oyeretsa, olo uzimitse zokongoletsa zonse imachitabe pang'ono. Makwinya amenewo nde ndikuwafuna ine.

Nde ndinayamba kufufuza. Usiku ndikamaliza kuchonga makope ndimagula bandulo ya usiku nkumaonera ma video a anthu oyesa makamera, ndipo ndinazindikira msanga kuti anthu amenewa akulankhula ndi anzawo a kwawo. Amakamba za 4K, za kujambula mpira, za kamera yozindikira diso la galu, koma palibe olo mmodzi amene amakamba kuti kodi magetsi akazima masiku awiri batire likhalapo, kapena kamvuluvulu wa mu Seputembala akadutsa pabwalo fumbi lilowa mpaka pati. Mafunso anga anali amenewo.

Yoyamba kundikopa mtima inali Nikon P950, ya zoom yoopsa ija. Mwana wa mnzanga wina amaperekeza alendo ku Liwonde National Park ndipo ali nayo, nde tsiku lina atabwera kudzaona mayi ake anandibwereka madzulo onse. Abale inu. Zoom yake ndi 83x, kuyambira 24mm mpaka 2000mm, ndinaima pa gombe nkukokera bwato lomwe ndi maso limaoneka ngati kachitsotso, ndinaona mpaka chigamba cha pa malaya a msodzi. Nkhwazi ndinaiona diso lake. Usiku umenewo sindinagone, ndinali nditatsimikiza kuti ndi yomweyi basi. Koma tisanasiyane ndinalowa nayo kukhitchini komwe amayi amakazinga mtedza pa moto wa nkhuni, ndipo zithunzi zake zinatuluka za timadontho ngati wawaza mchenga, manja a amayi osaoneka bwino. Chifukwa chake ndi sensa, kagalasi kamkati komwe kamalandira kuwala. Ya P950 ndi yaing'ono ngati chikhadabo cha kachala kakang'ono, sikusiyana kwenikweni ndi ya mu foni, pamene ya D3100 yanga inali pafupifupi 23mm ndi 15mm, ngati sitampa ya pa kalata. Sensa yaikulu imamwa kuwala kwambiri, nde kukayamba mdima imapirira. Ndinakhala pansi nkutsegula zithunzi zanga zonse za zaka zapitazi pa laputopu kuti ndione kuti kodi ine kwenikweni ndimajambula chani, ndipo ndinapeza kuti zambiri zomwe ndimazikonda ndi za mbandakucha, za madzulo, za pakhonde ndi za mkhitchini. Za mbalame zakutali nzochepa. P950 ija imalemeranso kilo yathunthu. Ndinaisiya ndi mtima wowawa.

Achimwene amene ali ku Joni, ku Johannesburg, iwo anali pa mirrorless, makamera atsopano opanda kalilole mkati. Anandiimbira nkumati achemwali, zimakamera zanu zikuluzikuluzo kuno anthu anasiya, aliyense akugulitsa, gulani Sony kakang'ono kolowa mu handibagi. Amanena Sony a6000, yomwe inatuluka mu 2014, ya ma megapixel 24, imajambula zithunzi 11 pa sekondi imodzi, ndipo pa ana a mbuzi odumpha ikanandithandiza zedi. Ndinawauza kuti achimwene mwaiwala kwanu kodi? Batire lake limajambula zithunzi pafupifupi 360 basi nkutha, chifukwa mirrorless chilichonse chimene ukuona ukuonera pa sikirini, olo uyike diso pa kabowo kaja mkatimo mulinso kasikirini, nde imadya moto nthawi yonse yomwe yayaka. Pamene DSLR, kamera ya kalilole mkati ngati yanga yakale ija, ukuyang'ana kudzera pa kalilole, ukhoza kukhala ola lathunthu diso lili pa kabowo kudikira nankabai atere batire osasuntha. Chachiwiri, mirrorless ngati imeneyo ukachotsa lenzi sensa imakhala pamtetete, pamene DSLR kutsogolo kwake kuli kalilole ndi shutter (kachitseko kotseguka pojambula) zotchinga. Kuno fumbi timadya nalo nsima. Chachitatu lenzi yanga ya 35mm siikanalowa, ndikanayambiranso pa ziro. Za Nikon Z50 ndinaziganizirako chifukwa ndi adaputa yotchedwa FTZ lenzi yanga ikanagwira, koma mtengo wa ziwirizo pamodzi unali wa anthu ena.

Koma mawu a achimwene aja akuti aliyense akugulitsa ndinawasunga, chifukwa mpamene panali mwayi wanga. Makampani akuluakulu onse anatembenukira ku mirrorless, nde anthu a ndalama akutaya ma DSLR abwinobwino pa mtengo wotsika, ena osagwira ntchito kwenikweni, ongogulira ulendo umodzi nkuika mu kabati.

Nde zinatsala ziwiri, Nikon D3500 ndi D5600, ndipo apa mpamene ndinazunguzika kwa milungu. Zonse ndi ma megapixel 24, zithunzi zake sungasiyanitse. Zonse zimalandira mabatire a mtundu wa EN-EL14 omwe ndinali nawo kale ndi tchaja yomweyo. D3500 batire lake ndi chilombo, zithunzi 1,550 pa kutchaja kamodzi, pamene D5600 ndi 970, ndipo D3500 ndi yopepuka komanso yotsikirapo mtengo. Ndinatsala pang'ono kuuza achimwene kuti tengani imeneyo, mpaka ndinawerenga kanthu kena komwe ma video ambiri sakatchula nkomwe. D3100 yanga yakale ija inali ndi kachipangizo kogwedeza sensa kuti fumbi liyoyoke ukamayatsa kapena kuzimitsa, koma pa D3400 ndi D3500 kanachotsedwa. D5600 ili nako. Kwa munthu wa ku London mwina nzazing'ono, kwa ine wa ku Malombe ndi nkhani yaikulu, chifukwa fumbi likakhala pa sensa chithunzi chilichonse cha thambo chimatuluka ndi madontho akuda pamalo omweomwewo, ndipo wopukuta sensa kuno kulibe, mpaka Blantyre.

China chomwe chinandimaliza ndi sikirini. Ya D5600 imatseguka nkutembenuka mbali iliyonse. Anapiye, abakha, nyerere zikukoka chiwala, zonsezi zimakoma ukazijambula kamera ili pansi penipeni, pa msinkhu wawo, osati utaima nkumaziyang'ana pamsana. Zaka zonsezi ndakhala ndikugona chafufumimba pa dothi, chitenje chonse fumbi, ndipo nthawi ya mvula sizitheka. Ndi sikirini yotembenuka umangonjuta, kamera pansi, iwe nkumaonera pamwamba. Ndipo ukamaliza umaitembenuzira mkati kuti isakalike mchikwama. Ilinso ndi timalo 39 togwirira focus pamene D3500 ili ndi 11 ngati yakale ija. D7200 ndinaiyang'anako chifukwa ndi yomatidwa bwino kuti fumbi ndi madontho a mvula zisalowe msanga, koma ndi yolemera, batire lake ndi lina, ndipo sikirini yake siyenda. Ndinati D5600 basi.

Za nkhwazi sindinazitaye. Ndinauza achimwene kuti asakenso lenzi ya AF-P 70-300mm, yomwe pa kamera ngati iyi imakoka ngati 450mm chifukwa umachulukitsa ndi 1.5. Sikufika pa P950 ayi, koma pa mgwalangwa wa kudambo ikwana. Lenzi imeneyi ndinkaisirira kalekale koma pa D3100 siigwira ntchito, ma AF-P safuna makamera akale ngati D3100 ndi D3200, nde amene muli ndi amenewa samalani musanagule. Ndipo ilipo mitundu iwiri yofanana ngati mapasa, ina ili ndi VR ina ilibe. VR ndi yomwe imaletsa kunjenjemera kwa manja, ndipo pa 300mm manja olo a munthu wodekha bwanji amanjenjemera. Ndinawalembera achimwene katatu konse kuti muone zilembo ziwirizo pa lenzi penipenipo ndi maso anu, osati pa katoni.

Ndalama nde inali phiri. Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 chilichonse chogula ndi ma rand chinakwera moti ukasintha ndalama umangogwira kukamwa. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri, mmodzi ndi tonde uja, osati pomukwiyira, anali atakula kale ndipo nyengo ya Eid mitengo imakhala bwino. Ndinaphatikiza zomwe ndinagawana ku banki mkhonde ndi zomwe ndimapatula pa malipiro mwezi ndi mwezi, achimwene anaonjezera yotsala. Amayi atamva mtengo wake anakhala chete kanthawi kenako anandifunsa kuti kodi mwanawe ndalama imeneyi ndi malata angati? Funso limenelo linandilasa chifukwa khitchini yatsopano ikadali ya udzu ndipo imadontha pakona. Sindinawayankhe zanzeru, ndinangoti amayi malata tigula chaka chamawa ndikulonjeza. Anati chabwino ndalama ndi yako, koma nkhope yawo sinavomere. Ndipo mpaka lero sindinganene kuti iwo analakwa.

Kugula kwake tinapanga pa video call, ine ndili pakhonde pomwe netiweki imagwira bwino, achimwene ali ndi wogulitsa pamalo a anthu ambiri masana, chifukwa ku Joni sukumana ndi munthu wosamudziwa kumbali uli ndi ndalama mthumba. Ndinawapatsa zoti achite. Choyamba ajambule chithunzi chimodzi pompo nkuona shutter count, kuti kamerayo yajambulapo kangati chibadwire. Nikon imalemba nambala imeneyi mkati mwa chithunzi chilichonse ndipo pali ma website omwe ukaikapo chithunzicho amakuwerengera, bola chikhale chochokera mu memory, chisanadutse pa WhatsApp chifukwa WhatsApp imafufuta zimenezo. Makamera a mtundu uwu amati shutter yake imafika pafupifupi 100,000. Woyamba amene tinamupeza kamera yake kunja inali yowala bwino koma inali itadutsa 80,000, anali wa maukwati, tinamusiya. Wachiwiri anali mayi wina wachikulire amene anati anagulira zidzukulu koma imangokhala, inali isanafike 9,000. Chachiwiri ndinawauza aunike mkati mwa lenzi ndi tochi ya foni kuona ngati muli chuku, chimaoneka ngati ulusi wa kangaude pa galasi, chikalowa sichituluka wamba. Chachitatu ajambule khoma loyera pa f/22, kabowo ka lenzi atakachepetsa kwambiri, kuti fumbi la pa sensa lionekere. Achimwene anadandaula kuti achemwali mukundichititsa manyazi, mayiyu aziona ngati tikumuyesa wakuba, koma mayi uja ndinamumva akuseka nkunena kuti mlongo wanuyo akudziwa chomwe akufuna.

Inabwera ndi transporter wa kwathu konkuno amene amanyamula katundu wa anyamata a ku Joni, kudutsa Zimbabwe, Tete, kulowera pa Mwanza, itakulungidwa mu bulangete mkati mwa ndowa ya pulasitiki. Masiku asanu amenewo foni sinachoke mmanja mwanga. Ndinakailandira pa boma Lachitatu, sindinaitsegule mpaka nditafika kunyumba, nditasamba mmanja, nditatseka mawindo.

Pano yatha milungu isanu ndipo ndanena kale kuti kuno dzuwa silichedwa kulusa, ikangokwana 8 koloko kuwala kumakhala kwaukali, mithunzi yakuda bii pansi pa maso, nde nthawi yanga ndi kuyambira azana ya mbandakucha ikamveka ku mzikiti mpaka dzuwa litakwera pang'ono pamwamba pa mapiri a kutsidya, kenako madzulo kuyambira cha mma 4. Mwezi uno utsi wa moto wa kutchire wadzadza mlengalenga nde dzuwa limatuluka lofiira ngati chikasu chosakaniza ndi tomato, kuwala kwake kofewa, fumbi lomwe mbuzi zimautsa potuluka mkhola limaoneka ngati golide ukaima moyang'anana ndi dzuwa. Ana a mbuzi aja anakula, koma mbuzi yathu yakuda yaswa sabata yatha nde ndayesera pa ameneyo, shutter pa liwiro la 1/1000 ya sekondi, ndinamugwira miyendo yonse inayi ili mmalere makutu ataimirira. Pa anapiye 1/500 imakwana. Mkhitchini ndi 35mm pa f/2 ndakweza ISO, yomwe imathandiza kamera kuona mumdima, mpaka 3200 chithunzi chikadali choyera bwino, pamene pa yakale ija ndinkaopa kudutsa 800.

Kanthu kamodzi komwe sikanasinthe, ndipo ndikufuna anzanga ojambula anthu akuda ngati ife mukamve. Kamera iliyonse ikaona thambo lowala kapena mpango woyera imaganiza kuti kwawala kwambiri nde imadetsa chithunzi chonse, nkhope ya munthu nkusanduka mthunzi, maso okha ndi mano. Pali kabatani kolembedwa +/- pafupi ndi pojambulira, ine ndikamajambula amayi pansi pa mango kumbuyo kuli kowala ndimakweza kufika +0.7 kapena +1, thambo liyere ngati likufuna koma nkhope ioneke ndi mtundu wake weniweni. Aneba akavala mikanjo yoyera Lachisanu nkundipempha chithunzi sindiwaimika padzuwa, ndimawakokera pakhonde pamthunzi nkuwatembenuzira kunja komwe kukuchokera kuwala, mkanjo umaoneka ulusi wake ndipo nkhope siida. Fulashi ya pa kamera sindiikhudza, imawalitsa chipumi ngati wadzola mafuta ophikira.

Ndipo sindijambula munthu osapempha, olo mwana ndimayamba ndafunsa mayi ake. Amayi ambiri kuno safuna kujambulidwa opanda mpango kumutu kapena ali ku mjigo zovala zitanyowa, ndipo ali ndi ufulu. Nthawi ya zoma mu Ogasiti kamera siiyandikira ku ndagala, izo si za kamera, koma tsiku lotuluka anamwali makolo amabwera okha kudzanditenga, ana atavala zatsopano magalasi akuda mmaso, manganje akulira, apo nde ndimajambula mpaka batire kutentha. Lenzi yaitaliyi ndayamba kuiona kuti ili ndi yesero lake, ukhoza kujambula munthu ali kutali osadziwa, nde ndinadziikira lamulo kuti iyo ndi ya mbalame ndi ziweto basi.

Kasungidwe nde ndasinthiratu. Ndinagula kandowa ka chivindikiro chothina, pansi ndinaika timapaketi ta silica tomwe timabwera mu makatoni a nsapato, ndinatolera kwa ogulitsa nsapato pa msika, kamera ndi malenzi zimagona mmenemo chifukwa mvula ikayamba chinyezi cha kunyanja kuno chimabala chuku msanga. Timapaketito ndimatiyanika padzuwa pa lata kamodzi pa mwezi. Lenzi ndimasinthira mnyumba mokha, kamera itayang'ana pansi. Kupukuta galasi ndi nsonga ya chitenje ndinasiya kale, fumbi la kuno ndi mchenga, limakala, ndimayamba ndauzira ndi kampira kopopera mpweya kenako kansalu kake. Achimwene anaikamonso katchaja ka USB kolowa mabatire awiri, nde magetsi akazima ndimatchaja pa power bank kapena pa sola ya amayi yomvera wailesi. Ndipo lamba sachoka mkhosi ndikakhala kukhola, amayi akaitana ndimapita nayo konko.

Ilinso ndi SnapBridge, imatumiza timakope tating'ono ta zithunzi ku foni pa Bluetooth yokha, nde zoika pa Facebook sindidikiranso laputopu ndipo bandulo siitha msanga. Izi ndinazipeza ngati basera, sindinagulire zimenezo.

Nkhwazi sindinaigwirebe mmene ndikufunira. Ndapita kudambo kasanu, kawiri sinabwere, kamodzi inatera kumbuyo kwa makwawa a mgwalangwa, kawiri ndinaijambula itakhala ndipo nthenga zake zoyera za pachifuwa zikuoneka imodziimodzi, koma chomwe ndikufuna ndi pamene ikuponya mutu kumbuyo nkulira kuja, kapena ikutsika kukatola nsomba, ndipo pamenepo manja anga sanazolowere kutsatira ndi lenzi yaitali, ndimapeza mchira wokha kapena madzi okhaokha. Akakowa ndi anantchengwa nde ndawajambula ambiri chifukwa iwo sathamanga.

Sabata yatha ndinapita pa boma kukatsukitsa zithunzi khumi, chifukwa za mu laputopu ndi mu foni sindizikhulupirira kwenikweni, beseni lija linandiphunzitsa. Mwa izo munali chimodzi cha amayi akupeta mpunga madzulo, lichero lili mmwamba, mankhusu akuuluka mowala ndi dzuwa, milomo atailuma mmene amachitira akaika mtima pa ntchito, makwinya onse a pachipumi ali pomwepo. Ndinawapatsa atakhala pa mkeka. Anachigwira mmbali ndi nsonga za zala, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati kani ndakalamba chonchi, ndikufanana ndi anganga ako. Analowa mnyumba ndipo ndinamva akukoka sutikesi ya pansi pa bedi, momwe mumakhala chithunzi cha abambo chija. Potuluka anandiuza kuti ukatsukitsenso china chomwechi chachikulupo, transporter uja akubwerera ku Joni Lachinayi, apititsire achimwene ako, ndipo za malata zija sindinaiwale.